Kuyenda mu Joni: zoyenera kudziwa amene mwangofika kumene

Musanavomere chipinda chilichonse mu Johannesburg, musanavomerenso ntchito, yambani mwafunsa kuti kuchokera pakhomopo kukafika kuntchito mudzakwera matakisi angati. Anthu akwathu akafika kuno amafunsa za lendi, amafunsa za malipiro, koma za thiransipoti amadzazikumbukira mwezi utatha, ndalama zonse zitathera m'manja mwa madalaivala.

Mzindawu ndi wotambalala, ndipo kutambalalako kuli ndi chifukwa chake. Unayamba mu 1886 atapeza golide, ndipo m'nthawi ya tsankho anthu akuda anawakankhira kumalokeshoni akutali monga Soweto, kum'mwera chakumadzulo kwa tauni. Lero ntchito zambiri zimene ife timapeza, za m'nyumba, za m'maluwa, za m'malo odyera, za ulonda, zili kumpoto: Sandton, Randburg, Fourways, Midrand. Tsankho linatha mu 1994 koma mtunda sunafupike. Njira za matakisi zili ngati masipoko a njinga, zambiri zimakakumana pakati pa tauni. Malo awiri amene pamapu akuoneka oyandikana akhoza kukufunani kuti mulowe kaye m'tauni, mutsike, muyende wapansi kukafika pa renki ina, mukwerenso.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti takisi imodzi ndi R20, poti mitengo imasiyana malinga ndi mtunda ndipo mafuta akakwera nayonso imakwera. Awiri popita, awiri pobwera, ndi R80 patsiku. Malipiro otsikitsitsa amene boma la South Africa linakhazikitsa mu Marichi 2025 anali R28.79 pa ola. Ndiye kuti pafupifupi maola atatu a tsiku lililonse mukugwirira thiransipoti, musanagule ndi buledi yemwe. Chipinda chodulirapo ndi R500 koma chimene chikuchotserani takisi imodzi popita ndi ina pobwera chikusungirani R880 pa masiku 22 a ntchito, osawerengera tulo. Ine ndimauza aliyense kuti ayambe wapeza ntchito atagonera kwa mbale, nyumba ayifune pambuyo, motsatira msewu umene takisi ya kuntchito kwakeyo imadutsa.

Tsiku lofika

Ambiri timabwera pa basi. Ochokera ku Blantyre amatulukira pa Mwanza, ochokera ku Lilongwe ambiri pa Dedza, onse n'kudutsa ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare mpaka pa Beitbridge. Pa Beitbridge pamenepo ndi pamene nthawi imasokonekera. Mukhoza kudutsa msanga, mukhozanso kukhalapo theka la tsiku basi ikusechedwa. Choncho nthawi yofikira imene analemba pa tikiti musaikhulupirire, ndipo wokuchingamiraniyo muzimuuza pamene mwafika: mukadutsa Polokwane, mukafika Pretoria. Pochoka Pretoria patsala ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto.

Musanakwere kumudzi funsani bwinobwino kuti basiyo imakatsitsira pati. Ena amalowa mu Park Station mwenimweni, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima pakati pa tauni, ena ali ndi mabwalo awoawo m'misewu yozungulira. Nambala ya wokuchingamirani ilembeni papepala, musadalire foni yokha, chifukwa imafika itazima, ndipo laini ya kwathu kuno ikhoza kukana kuimba. Ogwira ntchito m'basi ambiri amakubwerekani foni mukawapempha mwaulemu. Mukhalenso ndi marandi ang'onoang'ono m'thumba lapafupi, kuti musamatulutse ndalama zonse pagulu pofuna kugula madzi.

Mukatsika mudzazingidwa ndi anyamata a matrole ofuna kunyamula katundu. Ena ndi olungama, ndi ganyu yawo imeneyo. Koma gwirizanani mtengo chikwama chisanakwere pa trole, ndipo muziyenda pambali pake, osati kumbuyo. Amene akukulankhulani Chichewa asakukomereni msanga. Kumva chilankhulo chakwanu pamalo achilendo kumafewetsa mtima, ndipo akuba amadziwa zimenezo. Ngati mwafika usiku wokuchingamirani palibe, khalani mkati mwa siteshoni, pamene pali magetsi ndi alonda, mpaka kuche.

Obwera pa ndege amatera pa OR Tambo, ku Kempton Park, kum'mawa kwa mzinda. Za kumeneko ndizinena pa nkhani ya sitima ya Gautrain. Chenjerani ndi bwalo lina la ndege la Lanseria, lili kutali kumpoto chakumadzulo ndipo sitima sifikako. Onani pa tikiti kuti ndi liti mwa awiriwa.

Takisi

Amene kwathu timati minibasi kuno amangoti takisi, ndipo ndi amene amanyamula anthu ambiri mu mzinda uno. Ambiri ndi a Toyota Quantum oyera, okwera anthu 15. Mukadziwa kukwera takisi mwadziwa Joni, ndiye pano ndichedwapo.

Choyamba chimene chidzakudabwitseni n'chakuti kondakitala mulibe, woitanira wopachikika pachitseko mulibenso. Dalaivala amangoliza hutala pang'onopang'ono akuyenda, kufunsa ngati mukukwera. Inu mumayankha ndi dzanja. Chala chamkombaphala choloza kumwamba ndiye kuti mukupita m'tauni. Choloza pansi ndiye kuti mukutsikira pafupi, m'dera lomwelo. Ziwirizi zimamveka pafupifupi paliponse. Zinazo zimatengera msewu umene mwaimapo. Wa ku Orange Farm amapinda zala ngati wagwira lalanje, wa ku Diepsloot amayendetsa dzanja mokwera ndi kutsika. Zizindikirozi n'zodziwika moti mu 2010 a positi anazisindikiza pa masitampa. Musaloweze zambiri. Phunzirani cha njira yanu yokha, ndipo njira yabwino yochiphunzirira ndi kuima pamsewu m'mawa n'kuona mmene anzanu akuimitsira. Mukakayika funsani mayi wachikulire amene waima pamenepo. Safunsa anadya phula.

M'tauni muli marenki akuluakulu angapo, koma awiri ndi amene mudzawamve tsiku ndi tsiku: Bree ndi Noord, imene ena amaitchula MTN. Matakisi ambiri a ku Randburg, Cresta ndi mbali zambiri za Soweto amayambira pa Bree. A ku Alexandra, Midrand, Tembisa ndi Pretoria mudzawapeza pa Noord. Pa Wanderers, pafupi ndi Park Station, pamayambira a maulendo ataliatali opita m'zigawo zina. Kunja kwa tauni kulinso marenki amene amakupulumutsani kulowa m'tauni: ya Randburg, imene imathandiza kwambiri okhala ku Cosmo City ndi Diepsloot, ya Pan Africa ku Alexandra, ndi ya Bara ku Soweto, moyang'anizana ndi chipatala chachikulu cha Chris Hani Baragwanath. Muzifunsa nthawi zonse ngati pali takisi yolunjika musanaganize zodzera m'tauni. Nthawi zina imakhalapo koma imayenda m'mawa ndi madzulo okha.

Renki ya Bree ndi nyumba ya nsanjika, mkati muli mizere yambirimbiri, phokoso, utsi, ogulitsa zipatso ndi nyama yootcha. Zikwangwani zilipo koma si zonse zimene zimanena zoona. Munthu womufunsa ndi amene amayang'anira mzere, amene amawerenga okwera ndi kulozera galimoto yotsatira. Mupatseni moni kaye. Kuno munthu wongofika n'kuyamba kufunsa asanapereke moni amamuyang'ana ngati wopanda mwambo, monganso kwathu. Mawu ochepa a Chizulu amatsegula njira: "Sanibonani" polonjera, "Ngiya eRandburg" ponena kumene mukupita, "Malini?" pofunsa mtengo, "Ngiyabonga" pothokoza. Katchulidwe kanu kadzaululabe kuti ndinu mlendo, palibe kanthu, koma amaona kuti mwayesetsa.

Pa renki takisi sinyamuka isanadzaze. M'mawa imadzaza m'kanthawi kochepa, vuto limakhala mzere wa anthu umene umazungulira ngodya. Masana zimatembenuka, galimoto ilipo koma anthu palibe, ndipo mukhoza kukhala mkati kwa theka la ola mukudikira anthu awiri otsala.

Tsopano za ndalama, pamene alendo ambiri amachita manyazi. Galimoto ikangonyamuka, anthu a mpando uliwonse amasonkhanitsa ndalama zawo, mmodzi n'kuzipereka kutsogolo akunena kuti ndi za anthu angati. Ndalama zimayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa amene wakhala pafupi ndi dalaivala. Ameneyo ndiye amawerenga zonse, kubweza chenji cha mpando uliwonse, n'kupereka kwa dalaivala ndalama zokwanira. Salipidwa, ndi udindo wa mpandowo basi. Ngati masamu apamtima amakuvutani, kapena ndalama za kuno simunazizolowere, mpando wakutsogolo musaukhumbire ngakhale uli wotakasuka. Ndalama zikaperewera dalaivala amatha kuimika galimoto pambali n'kuzimitsa injini mpaka zitakwana, ndipo anthu onse ochedwa kuntchito amayang'ana inu. Wina akakugwirani paphewa kuchokera kumbuyo, landirani ndalamazo, mverani nambala imene wanena, ipatsireni kutsogolo momwemo. Chenji chikabwera chibwezeni kumbuyo. Ndipo m'mawa musatulutse R200. Sinthiranitu dzulo lake pogula zinthu pa shopu.

Potsika mumafuula nokha, mokweza, nthawi ikadalipo. "After robot" ngati mukufuna kutsika mutangodutsa maloboti. "Short left" kapena "short right" ngati ndi pa kamsewu kotsatira kumanzere kapena kumanja. Ena amangotchula chimene chili pamalopo, galaja, buliji, dzina la shopu. Mukanong'ona dalaivala samva chifukwa cha wailesi, mudzatsikira kutali. Ngati malowo simukuwadziwa, muuzeni dalaivala pokwera, ndipo muuzenso amene mwakhala naye pafupi. Anthu a kuno amaoneka olusa pankhope koma pa nkhani yolozera mlendo potsikira amathandiza, nthawi zina galimoto yonse imafuulira limodzi m'malo mwanu. Amene wakhala pakhomo ndiye amatsegula ndi kutseka chitseko, ndipo amatsika kupereka mpata kwa otuluka. Chitsekocho musachimenyetse. Madalaivala amakwiya nazo kuposa china chilichonse.

M'takisi musayambe mikangano ya ndale kapena ya alendo, ngakhale ena aiyambe. Mudzamva mawu opweteka onena za ife obwera, masiku ena. Kumbukirani kuti zipolowe za mu Meyi 2008 zinayambira ku Alexandra ndipo zinapha anthu oposa 60, ndipo zinabukanso mu 2015 ndi 2019. Masiku ambiri kulibe chilichonse, anthu amangopita kuntchito. Koma mukamva kuti kwinakwake kwavuta, tsiku limenelo sinthani njira kapena khalani pakhomo, abwana muwaimbire. Ukayenda siya phazi, anatero akuluakulu, ukasiya mlomo ukutsata.

Njira iliyonse ili ndi bungwe la eni matakisi limene limaiyendetsa, ndipo mabungwewa salola kuti wina alowerere. Ndi chifukwa chake takisi imatha kukutsitsani pamalire ena kuti mukwere ina, ngakhale msewu ukupitirira. Akanyanyala ntchito mzinda wonse umaima. Gulu la WhatsApp la anthu a m'dera lanu ndi limene limakudziwitsani zotere usiku wake, loweranimo.

Nthawi nayo muidziwe. Kuyambira cha m'ma 5 koloko m'mawa matakisi amakhala ali pamsewu, ndipo okhala kutali amadzuka kusanache. Ikamakwana 8 koloko usiku amayamba kusowa, m'madera ena ngakhale isanakwane. Lamlungu ndi ochepa ndipo amachedwa kudzaza. Ngati ntchito yanu ndi ya m'malo odyera kapena ina yowerukira usiku, funsani pa tsiku loyamba lenilenilo ngati pali galimoto yotula antchito. Ngati palibe, malipiro amene akutchulawo muwachotseretu ndalama ya Uber (galimoto yoitanitsa pafoni) ya usiku uliwonse, muone ngati chotsalacho chikukwanirani.

Gautrain

Iyi ndi sitima yothamanga, yaukhondo, yosunga nthawi, ndipo ndi yodula. Inayamba kuyenda mu Juni 2010, mpikisano wa mpira wa dziko lonse utatsala pang'ono kuyamba. Ili ndi masiteshoni 10 pa njanji ya makilomita 80. Njira imodzi imachoka pa Park kudzera Rosebank, Sandton, Marlboro, Midrand, Centurion, Pretoria mpaka Hatfield. Ina imachoka Sandton kudzera Marlboro ndi Rhodesfield kukafika ku OR Tambo. Kuchoka ku bwalo la ndege kufika Sandton ndi mphindi 15 zokha, ulendo umene pagalimoto nthawi ya m'mawa ungakudyereni ola. Pa Park, Rosebank ndi Sandton sitimayi imayenda pansi pa nthaka, ndiye musaifune ndi maso pamsewu, funani chikwangwani cha khomo lake. Pa Park khomo la Gautrain ndi losiyana ndi la sitima wamba.

Mumagula khadi pa siteshoni n'kuikamo ndalama, kapena kugwiritsa ntchito khadi ya kubanki yongogunditsa. Mumagunditsa polowa, mumagunditsanso potuluka, ndipo munthu aliyense akhale ndi khadi yakeyake. Mkati saloleza kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu, ndipo alonda amatsatiradi lamuloli.

Mtengo wopita ku bwalo la ndege ndi wapadera, umaposa R200 munthu mmodzi. Ngati muli atatu ndi zikwama, Uber imatsika mtengo kuposa sitima. Ena amatsikira pa Rhodesfield, pamene mtengo ndi wamba, n'kumalizitsa kamtunda kotsalako pagalimoto. Pa ulendo wa tsiku ndi tsiku, wa malipiro ang'onoang'ono Gautrain siyake. Koma tsiku limene mukufunika ku Pretoria m'mawa pa nkhani ya mapepala, kapena mukuthamangira kukayesedwa ntchito ku Sandton, lipirani, mudzafika nthawi yake. Ilinso ndi mabasi ake amene amazungulira m'madera oyandikira masiteshoni, makamaka mkati mwa sabata. Usiku kwambiri siyenda, ndiye wofika pa ndege yausiku asaidalire.

Mabasi a mumzinda ndi sitima wamba

Rea Vaya ndi mabasi amene ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu, ndi masiteshoni agalasi okwera. Anayamba mu Ogasiti 2009 ndi njira yochoka ku Thokoza Park ku Soweto kudutsa m'tauni mpaka Ellis Park, ndipo mu 2013 anawonjezera ina yodzera ku Auckland Park ndi Parktown, kumene kuli mayunivesite ndi zipatala. Kwa wokhala ku Soweto wogwira ntchito m'tauni kapena ku Braamfontein, awa ndi abwino, chifukwa sayima pa mdipiti wa magalimoto ndipo mkati mwa siteshoni mumadikira mwamtendere. Manambala oyamba ndi T ndi a njira zikuluzikulu, a F ndi mabasi ang'ono okutengani m'lokeshoni kukakusiyani pa siteshoni. Amalipiritsa ndi khadi malinga ndi mtunda. Musaiwale kugunditsa potuluka, mukaiwala amakudulani zambiri.

Metrobus ndi ya khonsolo ya mzinda, ndipo njira zake zambiri zimayambira pa Gandhi Square. Imayendera ndandanda ya nthawi, yochuluka m'mawa ndi madzulo mkati mwa sabata, Loweruka ndi Lamlungu yochepa kwambiri. Ikagwirizana ndi nthawi yanu ya ntchito imathandiza thumba. Mukaiphonya, yotsatira ili kutali.

Yotsika mtengo kuposa zonse ndi sitima ya Metrorail. M'nthawi ya mliri wa Covid mu 2020 sitima zitaima, mbava zinazula mawaya, zinagumula masiteshoni, m'malo ena zinanyamula ndi njanji zomwe, moti njira zambiri zinafa kwa zaka. Akhala akuzitsegulanso imodziimodzi, monga ya ku Naledi ku Soweto, ndi sitima zatsopano zabuluu zimene sizinyamuka zitseko zili zotsegula. N'zabwino kuposa zakale zachikasu zija. Ngati kumene mukukhala kuli siteshoni, pitani mukafunse ngati njira yake ikuyenda ndiponso nthawi zake, chifukwa tikiti ya mwezi wonse ya sitima imatha kutsika mtengo kuposa matakisi a sabata imodzi. Kwerani nthawi imene anthu ali ambiri, ndipo musalowe m'chipinda chopanda anthu.

Uber, Bolt ndi zina za pafoni

Zilipo paliponse, ndipo kwa mlendo amene sadziwa njira, kapena wanyamula katundu, kapena kwada, ndi zimene ndingamulangize. Mukhoza kulipira ndi ndalama m'manja ngati mulibe khadi. Galimoto ikafika yerekezani nambala yake ndi imene ili pafoni, muonenso nkhope ya dalaivala. Zikasiyana musakwere, ngakhale akuuzeni kuti galimoto inayo yawonongeka. Tumizani ulendowo kwa mbale wanu kuti aziona pamene muli.

Pali udani wakale pakati pa madalaivala a pafoniwa ndi a matakisi, ndipo anthu anafapo. Chifukwa cha ichi ambiri amakana kukutengerani pakhomo pa renki, pa masiteshoni ena, ngakhale pa misika ina ikuluikulu ya m'malokeshoni. Akakuimbirani kuti musunthe mukaime pa galaja kapena pa ngodya ina, si mwano, akudziteteza. Mvula ikagwa kapena nthawi yoweruka mitengo imakwera, mukadikira pang'ono imatsikanso. Kabaza wonyamula anthu musamuyembekezere. Njinga zamoto zambiri zimene mukuzionazo zimanyamula chakudya ndi katundu wa m'mashopu, ndipo ambiri oyendetsawo ndi anyamata akwathu komanso a maiko ena oyandikana nafe.

Wapansi

Ulendo uliwonse wa takisi umathera pa miyendo, ndipo mtunda umenewu anthu sauwerengera. M'madera a anthu olemera takisi imangodutsa mumsewu waukulu. Kuchoka pamenepo kukafika panyumba ya abwana mukhoza kuyenda mphindi 20 kapena 30, pakati pa mipanda italiitali, misewu ina yotsekedwa ndi mageti moti njira yachidule imene mukuiona pamapu kulibe. M'malo ena alonda a pageti amafuna chiphaso kapena nambala yochokera kwa mwini nyumba musanalowe. Funsani abwana zimenezi pasadakhale, ndipo afunseninso kuti antchito ena amatsikira pati.

M'tauni yendani ngati mukudziwa kumene mukupita, ngakhale musakudziwa. Foni ikhale m'thumba lamkati. Mukafuna kuona mapu lowani mu shopu. Chikwama chakumsana chibwere kutsogolo mukamadutsa pakati pa Bree, Park Station ndi Noord, kumene anthu amathithikana. Wina akakuimitsani kuti mwagwetsa ndalama, kapena akufuna kukuthandizani pa makina a banki, pitirirani. Dzuwa likalowa, m'katikati mwa tauni, Hillbrow ndi madera ozungulira si moyenda wekha wapansi.

Maina a misewu adzakusokonezani, chifukwa yambiri ili ndi awiri. Pa chikwangwani ndi pafoni palembedwa Lilian Ngoyi, pakamwa pa anthu ndi Bree. Rahima Moosa ndi Jeppe, Albertina Sisulu ndi Market, ndipo msewu waukulu wopita ku Fourways umene unasinthidwa mu 2023 kukhala Winnie Mandela Drive ambiri akuutchulabe William Nicol. Kwa dalaivala wa takisi tchulani dzina lakale.

Pasipoti muziyenda nayo, apolisi amaimitsa anthu kawirikawiri m'misewu yozungulira marenki. Ya Malawi amaidinda masiku 30 polowa, ndipo mukapitiriza masikuwo popanda chilolezo china, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka kapena zaka zingapo. Jambulani masamba ake musunge pafoni ndi kwa mbale wanu.

Nyengo musaipeputse. Mzindawu uli pamtunda wokwera mamita oposa 1,700. Mu Juni ndi Julayi, pa mzere wa takisi 5 koloko m'mawa, kumazizira kuposa ku Dedza, udzu umayera ndi chisanu. Gulani jekete lenileni, chipewa ndi magolovesi musanagule china chilichonse. M'dzinja mvula imakonda kugwa masana kapena madzulo, yamabingu, nthawi zina yamatalala, pa nthawi yeniyeni yoweruka. Ziphaliwali za kuno zimapha, musabisale pansi pa mtengo.

Mukadzayamba kuyendetsa nokha

Amayendera kumanzere monga kwathu. Misewu ya N1, N3 ndi N12 imazungulira mzinda, M1 imaudula pakati kuchoka kum'mwera kupita kumpoto, R24 ndi R21 ndi za ku bwalo la ndege. Malipiro a pamsewu a e-toll anathetsedwa mu Epulo 2024, koma mageti olipiritsa pa N1 yopita ku Polokwane ndi Beitbridge alipobe. Maloboti akafa, zimene zimachitika magetsi akazima kapena mawaya akabedwa, aliyense amaima, ndipo amene wafika poyamba ndiye amadutsa poyamba. Takisi ipatseni mpata, imaima paliponse mosachenjeza. Pa maloboti chikwama ndi foni zisakhale pampando, amaswa galasi. Ndipo musamatenge anthu a matola pafupi ndi renki kapena pamsewu wa matakisi, eni njirayo amaimitsa magalimoto a anthu wamba pa chifukwa chimenechi.

Mapu a pafoni amadziwa bwino misewu ndi Gautrain, koma za matakisi sadziwa zambiri. Choncho mukapeza ntchito, tsiku loyamba lisanafike yendani ulendo wonsewo kamodzi mongoyesa, makamaka tsiku la mkati mwa sabata, ndi munthu amene amaidziwa njirayo ngati alipo. Lembani pakapepala pokwerera, chizindikiro cha dzanja, mtengo, mzere wake pa renki, ndi mawu onena potsika. Pobwerera onetsetsani pamene anthu amaima, chifukwa kawirikawiri si moyang'anizana ndi pamene munatsikira, ndipo mufunse dalaivala kuti takisi yomaliza madzulo imadutsa nthawi yanji.